Ana Osamva a ku Nangongwe ndi Kiyi Imene Ndinabweza

Naomi ndi Yosefe, ana anga, pa foni sitimvana. Mukayamba kukuwa nanenso ndimapsa mtima, nkhani n'kuthera panjira. Ndiye ndaona kuti ndilembe za ntchito zimene ndagwira, muwerenge mwachifatse aliyense kwake. Za ubwana wanga ku Katete ndi za agogo anu amene anabwera kuno ku Kafue kudzagwira ntchito ya njanji munazimva kale mpaka kutopa nazo. Ndiyambira pa geti la fakitale.

Chaka chimene ndinalowa ntchito

Ndinalembedwa ntchito pa fakitale ya nsalu ndili mtsikana, ndisanadziwane ndi atate anu. Anandiika ku makina owomba nsalu. Tsiku loyamba chitseko chitangotseguka ndinabwerera m'mbuyo ndi mantha. Makina anali m'mizere mpaka kumapeto kwa nyumba, onse akugunda nthawi imodzi, moti phokoso lake unkalimva m'mano ndi m'mimba. Kapitao wathu anali Ba Mwale, bambo wamfupi wa ku Petauke amene ankayenda ndi sipanala m'thumba la kumbuyo. Anandikokera panja n'kundiuza kuti, "Mwana wanga, muno pakamwa uzisiya pa geti pamodzi na chola. Ukafuna kukamba, kamba na manja." Ndinkayesa nthabwala, koma zinali zoona. Ulusi ukaduka tinkachita ngati tikudula chingwe ndi zala. Bwana akamabwera tinkagwira pakhosi pamene pamakhala tayi. Ngakhale miseche inkayenda ndi manja, ndipo zoti kuli mnyamata wa ku magetsi amene akundifuna ndinaziona m'manja mwa mnzanga ali kutsidya kwa mzere. Mnyamatayo ndi amene anadzakhala atate anu.

Ba Mwale sankaseka pa ntchito. Akakupeza duku lamasuka pafupi ndi makina, ankakutumiza kunyumba tsiku lomwelo, ngakhale ulire bwanji. Koma sankalola kuti munthu watsopano aime yekha asanadziwe kuitana thandizo ndi manja. Ankakuimika pakona, iye n'kupita kumapeto ena a nyumba, ndipo unkabwereza mpaka atakhutira kuti ukachita ngozi anzako adzakuona.

Zaka zimene makina anayamba kuima

Kenako zinthu zinayamba kusowa. Mwezi wina thonje silikwana, mwezi wina zitsulo zosinthira zakanika kufika. Tinayamba kumasula makina ena kuti anzawo ayende, ndipo mizere inkafupika tikuona. Mashifiti anachepa, anthu n'kumauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Mapeto ake geti linatsekedwa. Inu munali ku sukulu, choncho sindinakhale pansi. Ndinapeza ntchito yochapa ndi kusita pa nyumba ina yogona alendo m'mbali mwa msewu waukulu wa ku Lusaka, ndipo ndi kumeneko kumene ndinakalambira mpaka kupuma.

Makina anaima, koma m'makutu mwanga sanaime. Khutu lamanzere linafa pang'onopang'ono. Lamanja limamva munthu akandiyang'ana n'kukweza mawu. Ndinaliona vutoli bwinobwino pa maliro a atate anu. Achibale anakhala m'chipinda changa chomwe, akukambirana za nyumba yanga ndi kumene ndidzakhale, ine ndili pomwepo pa mphasa. Nditafunsa kuti akuti chiyani, alamu anga anagwedeza dzanja n'kunena kuti, "Asiyeni, samva." Mawu amenewo ndinawamva, chifukwa anawanena atandiyang'ana. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti munthu akasiya kumva, anthu amasiya kumufunsa.

Chaka choyamba nditapuma

Tsiku lina ndinapita ku msika wa ku Nangongwe kukagula kapenta, tinsomba touma tating'onoting'ono tija. Pansi pa tebulo la mayi wina wogulitsa nsomba zouma panali mtsikana wa msinkhu woyambira sukulu, mwendo wake utamangidwa ndi chitenje ku mtengo wa tebulolo. Ndinafunsa mayiyo kuti mwana walakwa chiyani.

"Sanalakwe, amama," anatero. "Samvela. Mwezi watha minibasi inamupukusa pa msewu apo, hutala ikulila, iye ali chabe ayenda. Manje nichite bwanji? Nigulise nsomba, nimuyang'ane?"

Mwanayo dzina lake anali Mutinta, ngakhale iye mwini sankalidziwa. Ndinagwada n'kumuonetsa chizindikiro chathu cha ku fakitale cha kumwa tiyi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwereza, n'kuloza botolo la maheu limene linali pa tebulo loyandikana nalo. Ndinamugulira. Pobwerera kunyumba mtima sunakhale pansi.

Zizindikiro za ku fakitale sizikanamufikitsa patali, ndinkadziwa. Mwana sangakule ndi "ulusi waduka" ndi "bwana akubwera". Ndinafunsafunsa mpaka anandilozera kwa Ba Grace, mayi wosamva chibadwire amene amasoka zovala pa khonde la shopu ina kumsika komweko. Iwo anaphunzira ku sukulu ya ana osamva ali mtsikana, ndipo amadziwa chinenero chenicheni chamanja. Poyamba tinkalemberana pa zidutswa za mapepala odulira madiresi. Anaseka zizindikiro zanga mpaka kugwira m'mimba, koma anavomera kundiphunzitsa, ndipo anavomeranso kuti m'mawa uliwonse asanatsegule makina awo tiziphunzitsa ana pamodzi.

Kupeza anawo ndiye kunali ntchito. Tinkayenda khomo ndi khomo m'komboni. Ena ankakana kuti alibe mwana wotero, ife tikumuona akusuzumira pa zenera. Bambo wina anatithamangitsa, ati tikufuna kujambula mwana wake kuti tikapemphere thandizo kwa azungu. Koma pang'onopang'ono anayamba kubwera, ena aang'ono, ena oti akanakhala akumaliza pulayimale.

Malo anatipatsa ndi Abusa Chanda, mnyamata wa tchalitchi cha Chipentekoste chimene chili kuseri kwa msika. Ndikufuna mudziwe kuti munthu ameneyu anatichitira zabwino zambiri. Anandipatsa kiyi ya tchalitchi m'manja, osafunsa kuti ndimapemphera kuti. Ufa wa phala ukatha ankapita yekha kukapempha kwa akhristu ake. Mwana wina atagwa n'kuthyoka mkono, anamunyamula kumsana mpaka ku kiliniki. Tinalibe choko chokwanira, tinkalemba ndi makala pa mapepala a matumba a simenti, koma tinali ndi denga, mabenchi ndi chimbudzi.

Ba Grace anapatsa mwana aliyense dzina lamanja. La Mutinta linali chala chokhudza kachipsera ka pachibwano pake. Tsiku limene anazindikira kuti chizindikirocho ndi iyeyo, anazungulira tchalitchi chonse akugwira mnzake aliyense paphewa, kufunsa kuti nanga iwe ndiwe ndani. Pasanathe chaka anali atandipitirira. Ine zala zinauma ndi madzi ochapira, iye zake zinkathamanga ngati akubudula chimanga.

Dzinja la chaka chachitatu

Lolemba lina Mutinta anabwera atabisa manja m'khwapa. Ba Grace anamupatsa moni, iye osayankha. Titamuvula juzi chifukwa inali itanyowa ndi mvula, tinaona mikwingwirima ya chikoti kumsana. Ndinapita kumsika nthawi yomweyo.

"Amake Mutinta, wamumenya mwana ndani?"

"Ndine," anayankha osabisa. "Dzulo Abusa anamupemphelela. Anaomba m'manja kumbuyo kwake, anacheuka, church yonse inaona. Anachila, amama. Manje kunyumba namuitana, ali zii. Namuitananso, ali zii. Ni mwano chabe, anazolowela vamanja."

Ndinayesa kufotokoza kuti mwana wosamva amacheuka akaona nkhope za anthu zasintha, kapena akamva mphepo ya manja pakhosi. Mayiyo anandiyang'ana ndi maso ofiira n'kunena kuti, "Imwe ana banu bamakuitanani kuti amama. Ine sininamvelepo." Ndinabwerera kutchalitchi.

Madzulo a tsiku lomwelo Abusa Chanda anandipeza ndikusesa. Anali wosangalala kwambiri. Anandiuza kuti kumapeto kwa mwezi kudzakhala msonkhano waukulu wa chitsitsimutso pa bwalo la mpira, ndipo akufuna ana onse akaime kutsogolo kuti awapempherere. Anawonjezera kuti mpaka tsikulo tisiye kaye kuwaphunzitsa zamanja, chifukwa mwana akadalira manja sakhala ndi njala yofuna kumva.

"Abusa," ndinatero, "kupemphera sindikana. Nanenso ndimagwada m'mawa uliwonse. Bwerani muziwapempherera muno tsiku lililonse, tizigwirana manja. Koma kuwaimika pa anthu, kuwakuwira m'makutu, n'kulengeza kuti achira, ayi. Mwaona kumsana kwa Mutinta?"

Nkhope yake inaonetsa kuti zamupweteka. "Nizakamba na amai bake, kumenya sikwabwino. Koma amama, ine ninaona na maso yanga. Mufuna nikane chamene Mulungu achita?"

"Ndiye tiyeni timuitane ali chakumbuyo, muno muli zii, tione ngati acheuke."

"Mulungu sitimuyesa," anatero. Ndipo atapukuta kumaso anawonjezera motsitsa mawu, moti ndinachita kumuyang'ana pakamwa kuti ndimve: "Iyi ni nyumba ya chikhulupililo. Ngati chamene muphunzisa muno chilimbana na guwa, sitingayende pamodzi. Ganizani, muniuze pa Friday."

Sabata imeneyo sindinadye bwino. Mvula inali ikugwa tsiku ndi tsiku, m'komboni muli matope ofika m'akakolo. Kubweza kiyi kunali kutaya denga, mabenchi ndi phala nthawi imodzi. Ndinaganizapo zongovomera, tsiku limodzi lokha, anawo akaime, zikatha tipitirize ntchito yathu mwakachetechete. Nditawauza Ba Grace maganizo amenewa, anaimitsa makina awo osokera. Anandifotokozera ndi manja, pang'onopang'ono kuti ndisaphonye, kuti iwonso ali mwana anawaimikapo kutsogolo kotero. Anthu anavina, amayi awo analira ndi chimwemwe. Zitadziwika kuti sakumvabe, anthu anati tchimo lili mwa mwanayo, ndipo kwa zaka zambiri iwo ankakhulupirira kuti ndi zoona. Anamaliza ndi kundiloza pachifuwa, n'kuloza kumene kunali tchalitchi, n'kupukusa mutu. Ndinamva kuti ndikavomera ndidzapitako ndekha.

Lachisanu ndinapereka kiyi kwa Abusa Chanda ndi manja awiri, n'kuwathokoza pa zonse. Analandira. Sanatitukwane, ndipo mapepala athu anathandiza kunyamula mpaka pa msewu.

Kunyumba ndinaitana anyamata a pafupi kuti atulutse sofa, tebulo ndi kabati ya magalasi imene atate anu anagula. Zina zinalowa kuchipinda, sofa inakakhala pakhonde itakutidwa ndi pulasitiki. Naomi, ukukumbukira kuti unabwera Loweruka lake n'kuima pakhomo chikwama chili m'manja.

"Amama, ichi n'chiyani? Nyumba ya atate mwaisandutsa sukulu?"

"Ndaisandutsa."

"Muli na BP, mwakalamba. Aba bana bali na makolo bao. Tiyeni ku Lusaka mukapumule, nyumba tiikemo munthu."

Ndinakuyankha kuti ku Lusaka ndikakhala pa mpando, inu muli ku ntchito, adzukulu ali pa mafoni, ndipo madzulo muzidzakambirana za ine ndili pomwepo. Unalira, nanenso ndinalira utapita. Sindinanene zimenezo kuti ndikupweteke. Koma sindinasinthe maganizo, ndipo mpaka lero sindinasinthe.

Lolemba lotsatira anabwera ana ochepa kwambiri. Makolo ambiri anali a tchalitchi chomwecho, ndipo mbiri inali itamveka kuti gogo wa zamanja akutsekereza madalitso. Kumsika ena anasiya kundipatsa moni. Mutinta sanabwere. Ku msonkhano wa pa bwalo la mpira amake anapita naye, ndipo pambuyo pake mwanayo anabwerera pansi pa tebulo la nsomba, ngakhale tsopano anali wamkulu woti sangamangidwenso. Ndinkadutsa pamenepo tsiku lililonse tikaweruka. Ndinkagula kapenta wochepa, kupatsa moni amake, kenako kupatsa moni Mutinta ndi manja. Iye ankayang'ana amake kaye, n'kugwedeza chala chimodzi chokha pansi pa tebulo. Kapenta anachuluka m'nyumba mpaka ndinayamba kugawira aneba, koma sindinaphonye tsiku.

Ana amene anatsalawo tinkawaphunzitsa atakhala pa mphasa. Phala ndinkaphika ndi ufa wanga womwe, ndipo masiku ena linkakhala lopanda shuga. Denga la pabalaza linkadontha pakona, tinkaika beseni. Ba Grace ankabwera wapansi m'matope nsapato zili m'manja.

Mvula itatha

Tsiku lina, tikumaliza phunziro, ndinaona Amake Mutinta ataima pa geti, mwana ali kumsana ngakhale miyendo yake inkafika m'mawondo mwa amake. Thupi la mwanayo linali moto. Pa ntchafu panali bala lotupa limene anakhala akulibisa ndi diresi.

"Ku clinic banifunsa chamene chinamucheka," anatero mayiyo akupuma mwamphamvu. "Nakamba kuti kapena ni waya. Banesi bakuti nifunse mwana. Namufunsa, aniyang'ana chabe. Amama, mufunseni."

Tinamukhazika pa sofa ya pakhonde. Ba Grace anagwada patsogolo pake n'kumufunsa. Mutinta anayang'ana amake, manja ali m'khwapa. Mayiyo anatenga manja a mwana wakeyo, n'kuwatulutsa yekha, n'kuwaika pa maondo. Pamenepo mwanayo anayamba kulankhula, ndipo ine ndinkamasulira ndi pakamwa. Sanali waya. Anali galu wofiirira, kuseri kwa zimbudzi za kumsika, dzana. Galuyo ankayenda mokhotakhota, malovu akutuluka. Anamuluma popanda kumuputa. Mutinta anabisa chifukwa ankaopa kumenyedwa kuti anachoka pa tebulo.

Amake anakhala pansi pa dothi. Galu ameneyo aliyense kumsika ankamudziwa, chifukwa anyamata anali atamupha dzulo lake poona kuti ndi wachiwewe. Tinakwera minibasi tonse anayi. Anesi atamva za galu anasiya zonse, anatsuka balalo nthawi yaitali, n'kutitumiza ku chipatala chachikulu kumene anayamba kumubaya jakisoni wa chiwewe tsiku lomwelo. Anatiuza masiku obwereranso, ndipo ulendo uliwonse ndinkapita nawo kuti mwanayo adziwe chimene akumuchita ndi chifukwa chake. Anachira.

Mutinta anabwerera ku phunziro, koma musaganize kuti zitatero onse anabwerera. Ana ena mpaka lero sindinawaonenso, ndipo mmodzi ndinamva kuti anamutumiza kumudzi kukaweta mbuzi. Abusa Chanda tikakumana pa msewu timapatsana moni mwaulemu, koma maganizo awo ndi omwewo, anganso ndi omwewo. Amake Mutinta amapempherabe komweko, ndipo sanandiuzepo kuti ndinkanena zoona. Sindinawafunsenso.

Chaka chino

Pano pabalaza pamadzaza moti aang'ono amakhala m'khitchini chitseko chili chotsegula. Ndikuyendera ofesi ya zamaphunziro kuti ana okulirapo atatu, Mutinta ali m'gulu, apeze malo ku sukulu yeniyeni ya ana osamva, chifukwa zimene ine ndi Ba Grace tingawapatse zili ndi malire. Andibweza kangapo, ati bwana kulibe, ati mubwere sabata yamawa. Ndimapita ndi mpando wanga wopinda ndi botolo la madzi, ndimakhala pakhomo mpaka wina atuluke. Ndidzapitabe mpaka atatopa nane.

Loweruka lina mwezi wathawu ndinali kuchapa panja pamene Amake Mutinta analowa pa geti ndi mwana wawo. Loweruka ndi tsiku la malonda, ndiye ndinadabwa. Anakhala pa sitepe, manja akununkha nsomba, n'kuyang'ana pansi.

"Nasiyila mulongo wanga tebulo," anatero. "Nifuna munipunziseko. Osati vambili, mutu wanga ni wolimba."

"Tiyambire pati?"

"Ngati nifuna kumufunsa kuti chamubaba n'chani, pamene pamupweteka. Na kumuuza kuti sinizakumenya."

Ndinapukuta manja n'kuwaonetsa. Anayesa, zala zikukana, chizindikiro n'kutuluka chokhota moti tanthauzo lake linasintha. Mutinta, amene anali ataima pa mpanda akutiyang'ana, anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako anadzuka, anandikankhira pambali pang'ono, n'kukhala pa sitepe moyang'anana ndi amake. Anagwira zala zawo chimodzichimodzi n'kuziika m'malo mwake. Amake analakwitsanso, iye anapukusa mutu n'kuyambiranso.

Ine ndinabwerera ku beseni langa. Pamene ndinkamaliza kuyanika zovala, anali adakali pa sitepe pomwepo.